Kodi ongodzipereka bwana wawo ndani?

Ine zamalamulo sindinaphunzire, ndiye mundikhululukire mafunso angawa akamveka achibwana. Boma ndimalidziwa: likatilakwira timalidikira pa chisankho. Wagolosale akandigulitsa shuga wonyowa, mawa ndimakagula kwina. Mabungwe omwe si aboma nawonso ali ndi owayang'anira, poti lamulo lomwe analikonzanso mu 2022 limati alembetse ku NGORA, ndipo chaka ndi chaka azifotokoza momwe ndalama zayendera. Koma pali anthu ena amene sali m'boma, sali pa geni, alibe ofesi ngakhale chidindo. Amangoona vuto n'kuvula jekete. Amenewa bwana wawo ndani?

Mukumbukira Januwale 2021. Covid-19 inavuta mpaka nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi pa 12, m'zipatala odwala akulirira okosijeni. Mlembi uja, a Stanley Onjezani Kenani, ali kunja kwa dziko, analemba pa Facebook kuti tiyeni tisonkhe. Anthu anasonkhadi, ena pa foni, ena kubanki, akuno ndi akunja omwe, ndipo masilinda ndi zipangizo zina zinafika m'mawodi. Iwo ndi anzawo ankalemba poyera zomwe zalowa ndi zomwe agula. Chimene ndimadabwa n'chakuti anawatuma kutero ndani? Akanati asatiuze kanthu, mayi amene anatumiza K2,000 yake ya ndiwo akanakadandaula kuti? Ikabedwa, chabwino, kuba n'kuba, apolisi alipo. Nanga ikapanda kubedwa, koma wosunga n'kugula zinthu zosafunika chifukwa cha phuma kapena umbuli, pamenepo mlandu ulipo?

Ndinafunsapo munthu wina wodziwa, iye n'kundiyankha mwachidule kuti oterowo azilembetsa basi. Apo mutu unandiima. Kulembetsa kumafuna malamulo a bungwe olembedwa, mayina a akuluakulu ake, ndalama yolipira, kenako kudikira. Mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche matope n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, amene anayamba kufukula anali oyandikana nawo nyumba, ndi makasu, mafosholo, ena ndi manja enieniwa. Kodi anayenera kuyamba akatenga kaye fomu? Ndipo gulu loti likhalapo masabata atatu n'kubalalika, satifiketi likatani nayo?

Komabe sindingati a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, amalakwa akamati thandizo lizidzera ku makhonsolo. Aliyense akangonyamula matumba ake a ufa n'kulunjika kumsasa wa m'mbali mwa tala, komwe galimoto imafika ndiponso chithunzi chimatuluka bwino, nanga msasa wa kutsidya kwa mlatho wokokoloka akafikeko ndani? Koma woperekayo akati ku khonsoloko sindikukukhulupirira, ufa ndi wanga, ndikaupereka ndekha, tim'manga?

Akuluakulu amati nthawi ya a Kamuzu zoterezi zinali ndi dongosolo. Pa Youth Week ana asukulu ankalambula misewu, kuumba njerwa, kukonza milatho, ndipo ntchito inkaoneka. Ine ndimangofunsa: analipo amene akanati sindipita? Ntchito yoti sungaikane, tizitibe n'kudzipereka?

Chimene chimandisowetsa tulo kwenikweni ndi anyamata olondera m'dera mwathu. Akuba atanyanya, anadzisonkhanitsa okha. Usiku umamva wezulo kuseri kwa mpanda, tochi n'kuwalira pazenera, ndipo kunena zoona kuba kunachepa. Mawaya oyanikira zovala sakusowanso. Mwezi ukatha amabwera ndi kope lachikuto chong'ambika, khomo lililonse lipereke. Lisiti palibe. Ndimapereka mokondwa, koma sindidziwa ngati ndikuthokoza kapena ndikulipira msonkho. Tsiku lina ndikadzati mwezi uno ndilibe, adzangodutsa pakhomo panga osaunika, kapena ndidzamva zina? Anawasankha ndani, ndipo atati mmodzi mwa iwo ndiye akulozera akuba nyumba zopanda agalu, angam'chotse ndani? Amfumu amati ndi anyamata awo zikamayenda bwino. Apolisi amati amagwira nawo ntchito, bola asamamenye munthu, azingom'gwira n'kubwera naye.

Nanga usiku wina akadzagwira mwana wa eni ake akuchokera kuvidiyo, n'kum'thyola nthiti ndi chibonga asanafike naye kupolisiko, amayi ake adzayambira kwa ndani? Kwa amfumu, kwa apolisi, kwa amene anagwira chibonga, kapena kwa ine amene dzina langa lili m'kope muja kuti ndinapereka?