Ndani Akugwira Ntchito M'kompyuta Ine Nditapinda Manja?

Inu odziwa makompyuta, tandithandizeni. Munthu watseka mapulogalamu onse, pasikirini pangotsala chithunzi, nanga kafani ka m'kati kakulirirabe chiyani? Mphwanga akuti ndidine Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi kuti ndione Task Manager. Ndaona. Mayina mbwee, ndipo limodzi, svchost.exe, labwerezedwa mpaka pansi. Si vairasi imeneyi?

Akuti ayi, amalume, amenewo ndi ma service, antchito akuseri osaonekera. Akuti kuyambira 2017, Windows 10 pa kompyuta ya RAM yoposa 3.5 GB imapatsa ambiri mwa iwo svchost wawowawo, kuti mmodzi akagwa asagwetse anzake. Zamveka. Koma anawalemba ntchito ndani, ine mwinikhomo osadziwa?

Pali wina dzina lake Print Spooler, woika zosindikiza pamzere. Ine printa ndilibe. Ndiye tsiku lonse amadikira chiyani? Mu 2021 anapezeka ndi chiboo chotchedwa PrintNightmare, cholowerapo akuba a pa intaneti, mpaka akatswiri analangiza kuti kumene sakufunika azimitsidwe. Bwanji osangoti azidzuka printa ikabwera?

Chondizunguza mutu kwambiri ndi ichi. Mu services.msc, ukadina Stop amaimadi. Ukazimitsa kompyuta n'kuyatsanso, uyo wabwerera. Akuti Stop ndi ya pakali pano basi, zamawa zimalembedwa pena: Automatic amadzuka yekha, Disabled sadzuka, Manual amadikira kuitanidwa. Kuitanidwa ndi ine? Akuti osati inu nokha, pulogalamu inanso ikhoza kumudzutsa. Osandipempha?

Ndinafunsa ngati ku Linux zinthu n'zosavutirapo. Mphwanga anaseka. Kumeneko aliko kapitawo, systemd, amene amayamba kudzuka n'kudzutsa ena onse. Ukalemba systemctl stop waimitsa lero, systemctl disable wamuletsa kudzuka poyatsa, komabe mnzake akamufuna amamudzutsa, pokhapokha utalemba mask. Malamulo atatu onsewo ongouzira mmodzi kuti agone?

Ndiye ndinati tingozimitsa onse, makina apepuke. Akuti mukatero mawu asowa, Wi-Fi isowa, wotchi iyamba kusokonekera. Ndipo Remote Procedure Call, amene ambiri amadalira, batani lake la Stop n'lotuwa, silidinika n'komwe. Tsono ine wosaphunzira zimenezi ndidziwa bwanji woyenera kumugoneka ndi woyenera kumusiya?