Chidindo chinalipo, girisi munalibe

Aliyense wokhala ku South B, mumzinda wa Nairobi, amadziwa kuti malole ndiwo anansi athu. Mbali imodzi kuli Mombasa Road, msewu wochokera kudoko la Mombasa, mtunda wa makilomita pafupifupi 480. Mbali inayo kuli Industrial Area, kumene Enterprise Road, Likoni Road ndi Dunga Road zimadzaza ndi magalimoto a katundu dzuwa lisanatuluke. M'mbali mwa misewu imeneyi ndimo muli makampani akuluakulu ogulitsa magalimoto atsopano, iliyonse ndi galaja yake kuseri kwa magalasi owala. Chapafupi pomwepo, m'timisewu tafumbi toyandikana ndi Mukuru, muli amakaniko a panja omwe kuno amati a jua kali, amene galaja yawo ndi mthunzi wa malata ndi bokosi la masipanala. Ine ndinasankha a magalasi aja, ndipo ndinawasankha ndi mtima wanga wonse.

Lole ndinaigula chifukwa cha sitima. Njanji yatsopano ya SGR itayamba kunyamula katundu mu 2018, makontena ambiri anasiya kubwera pamsewu n'kumatsitsidwa kudepoti ya Embakasi, ndipo amalonda ankafuna magalimoto otengera katundu wawo kuchokera kumeneko ndi m'mafakitale kupita ku Nakuru, Eldoret ndi Namanga. Ndinali nditagwirapo ntchito yokonza mapepala a kasitomu kuchokera pomwe ndinachoka kwathu ku Dedza, choncho amalonda ambiri ndinkawadziwa. Banki inandibwereketsa ndalama, ndinagula lole yatsopano ya matani 10, dzina la banki n'kulembedwa pamodzi ndi langa pamapepala ake. Mitengo ya katundu ndinkaidziwa, misewu ndinkaidziwa, koma za m'mimba mwa galimoto sindinkadziwa kalikonse.

Tsiku lolandira makiyi a kukampani yogulitsa loleyo anandipatsa kabuku ka sevisi n'kundiuza momveka bwino kuti waranti idzagwira ntchito pokhapokha sevisi iliyonse ikamachitikira kwa iwo, tsamba lililonse likhale ndi chidindo chawo. Sizinandivute. Ndinkaona kuti munthu wangongole ngati ine chitetezo chake n'chomwecho, ndipo mtengo wawo ukakwera ndinkadzitonthoza kuti ndikugula mtendere wamumtima.

Amene sanalowepo m'malo amenewa ndimufotokozere. Ukafika umalandiridwa ndi mnyamata wovala tayi, kompyuta ili patsogolo pake. Amalemba nambala ya galimoto ndi makilomita, amakufunsa ngati pali chodandaula, n'kukusainitsa job card. Kenako amakuloza pampando wofewa pomwe pali tiyi ndi wailesi yakanema. Pakhomo lopita kumene kuli ntchito yeniyeni pali chikwangwani choletsa makasitomala kulowa. Ndiye kuti wolankhula nawe sagwira sipanala, ndipo wogwira sipanala sumuona. Mkatimo malole amakhala ataima mzere, ambiri ndi a makampani okhala ndi magalimoto makumimakumi, ndipo makaniko amathamangitsidwa kuti atulutse ochuluka dzuwa lisanalowe. Madzulo lole yako imabwera yotsukidwa, matayala akuchita kunyezimira, pampando atayala pepala loyera. Koma zonse zimene walipira n'zobisika: oyilo ali m'injini, filita ili pansi pa kabini, girisi ali m'kati mwa habu. Chooneka ndi maso ndi thovu la sopo ndi lisiti basi. Ine zimenezo zinkandikwanira.

Dalaivala wanga sizinkawakwanira. Anali bambo wachikulire wa ku Machakos, wamkulu kwa ine ndi zaka zambiri, amene anayendetsapo malole mpaka Kampala ndi Kigali ine ndikadali pasukulu. Akaima paliponse ankazungulira galimoto, kugogoda matayala ndi chitsulo, kenako kuika kuseri kwa dzanja pa habu iliyonse kuti amve kutentha kwake. Tsiku lina atabwera kusevisi anandiitanira kumalo amene timaimika lole, chakufupi ndi Likoni Road. Anapendeketsa kabini n'kundionetsa filita ya dizilo. Panali kamtanda kokandidwa ndi msomali.

"Bwana, kachizindikiro aka ndinaika ndine dzulo m'mawa. Taonani lisiti lanu."

Palisiti panali filita ya dizilo yatsopano, mtengo wake n'kulembedwa. Ndinaimbira mnyamata wa tayi uja. Anapepesa mwaulemu kwambiri, nati amakaniko anaiona kuti ikadali bwino koma wolemba lisiti sanauzidwe, ndipo ndalamazo adzazichotsera pa sevisi yotsatira. Anachotseradi. Kwa ine nkhani inathera pomwepo, moti ndinawayamikira kuti ndi anthu oona mtima. Dalaivala anapempha kuti sevisi ikamachitika azikaima pafupi, kapena ndizipempha zitsulo zakale zimene achotsa. Ndinakana poopa kuoneka wokayikira anthu ophunzira.

Lole itafika makilomita 40,000 inalowa sevisi yaikulu. Pamndandanda panali kusintha oyilo wa injini, wa giyabokosi ndi wa difu, kusintha malayining'i a mabuleki, kutsegula mahabu onse anayi, kutsuka maberingi ndi kuika girisi watsopano pamodzi ndi malabala otsekera girisiyo. Ndalama zake zinali zambiri moti ndinachedwetsa lendi ya nyumba. Inatuluka Lachisanu madzulo, ndipo Loweruka m'mawa inapakira mafuta ophikira kufakitale ina ya ku Industrial Area, ulendo wa ku Namanga, kumalire a Kenya ndi Tanzania, makilomita pafupifupi 160 kuchokera ku Nairobi.

Atangodutsa sikelo ya ku Mlolongo, dalaivala anaima n'kundiimbira.

"Bwana, habu yakutsogolo kumanzere yatentha. Dzanja silikukhalapo. Tangoyenda pang'ono pokha."

Ndinaimbira mnyamata uja. Anandiyankha mosatekeseka kuti malayining'i atsopano amatentha masiku oyamba mpaka atakhazikika, palibe choopsa. Ndinabwereza mawu omwewo kwa dalaivala.

"Ndamva, bwana, koma fungo ili si la buleki yatsopano. Ndiloleni ndibwerere, kapena ndiijeke pompano ndione ngati tayala likuzungulira lokha."

Mwini katundu anali atandiimbira kale kuti lole ya ku Arusha ikudikira kumalire. Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti: "Mzee, galimotoyo yachoka dzulo m'manja mwa anthu amene anaipanga. Inu mukudziwa kuposa iwo? Yendetsani." Anangoti chabwino.

Anadutsa Athi River, Kitengela, Isinya ndi Kajiado akuyenda pang'onopang'ono, akuima kuti habu izizire. Atatsala pang'ono kufika ku Bissil chiwongolero chinayamba kukokera kumanzere, utsi n'kutuluka pansi pa kabini. Anaitulutsa pamsewu bwinobwino, osaponda buleki mwamphamvu. Pomwe ankatsika n'kuti girisi wosungunuka atagwira moto kuseri kwa tayala. Iwo ndi mnyamata wowathandiza anauzimitsa ndi chozimitsira moto ndi mchenga, abusa a Chimasai amene ankadyetsa ng'ombe chapafupi n'kuthamangira kudzathandiza. Tayala linali litapendekeka, litangotsala pang'ono kuchoka. Kumbuyo kunali matani a mafuta ophikira. Zikanachitika pa liwiro, kapena pakati pa msika wa ku Kitengela, bwenzi tikukamba za maliro.

Kampani yogulitsa lole ija inati gulu lawo lothandiza pamsewu silingafike mpaka Lolemba. Ndinapita kukatenga makaniko wina wa jua kali amene mnansi wanga wa pa Mchumbi Road ankamudziwa, n'kuuyamba ulendo pa galimoto yobwereka. Tinafika dzuwa likulowa. Nditaona tayala lopendekeka ndi utoto wopserera, mutu unangodzaza ngongole ya kubanki. Ndinawakalipira bambo aja pamaso pa mnyamata wawo ndi anthu onse amene anasonkhana. Ndinati anathamangitsa galimoto, ndinati mwina ananyamula katundu wina wamseri panjira, ndinati malipiro a mwezi umenewo asawayembekezere. Munthu amene anandichenjeza m'mawa womwewo, amene anapulumutsa lole ndi katundu ndi manja ake, ndi amene ndinamusenzetsa mlandu. Sanayankhe. Usiku wonse anathandiza kusamutsira katundu mu lole ina imene ndinachita hayala.

Kutacha makaniko uja anati mbali yopsayo singatiuze zambiri, poti moto wafufuta zonse. Anajeka tayala lakumanja n'kuyesa kulizunguza ndi manja awiri. Linakana, likungokhula. Anandiitana kuti ndigwade pambali pake. Mabawuti a chivundikiro cha habu anali ndi matope ouma akalekale, osasweka ngakhale pang'ono, kusonyeza kuti sipanala sinafikepo. Atatsegula anapisa chala n'kutulutsa girisi wakuda wolimba ngati phula, wochepa kwambiri. Labala yotsekera inali yakale. Atachotsa diramu, malayining'i anali omwe aja anabwera ndi galimoto, atatha mpaka pafupi ndi misomali yake.

Anandifotokozera mwachidule. Pa lole ngati yangayi sungasinthe malayining'i osachotsa habu, ndipo imeneyo ndi ntchito ya maola. Njira yachidule ndiyo kungomanga ajasita kuti buleki izigwira msanga, dalaivala akaponda azimva ngati zonse n'zatsopano. Ukamanga mopitiriza, malayining'i amakhula diramu nthawi zonse ngakhale usanaponde. Diramu imatentha, kutenthako kumalowa m'habu, girisi wakale amasungunuka n'kutayika, beringi imayenda youma mpaka kusweka n'kudya mutu wa ekiselo. Dalaivala ankajambula zonsezi pafoni yake, kuyambira pa matope a pamabawuti aja. Ine sizinandibwerere n'komwe m'mutu.

Lole tinaikoka mpaka ku Nairobi. Lolemba ndinalowa mu ofesi ya mkulu wa sevisi, ndipo mawu ake oyamba anali akuti waranti yatha chifukwa makaniko wosavomerezeka wagwira galimoto. Kenako anati tinapakira mopitirira muyezo. Ndinaonetsa chiphaso cha sikelo ya kufakitale, ndi kuti ku Mlolongo sanatigwire. Anati ndiye ndi liwiro. Lole inali ndi chipangizo choletsa kupitirira makilomita 80 pa ola monga lamulo la Kenya limafunira pa magalimoto a katundu, ndipo chinali chosakhudzidwa. Pa kompyuta yawo ntchito yonse inali yochongedwa kuti inachitika, makaniko anasaina, womuyang'anira anasainanso. Ndinafunsa malayining'i akale amene anachotsa. Anati anataya.

Mnzanga wina wodziwa malamulo ndiye anandiuza zimene ndinayenera kudziwa ndisanasaine job card yoyamba. Lamulo loteteza ogula la Kenya la 2012 lili ndi gawo lonse lonena za kukonza magalimoto, ndipo limati wokonza azibweza kwa mwini galimoto zitsulo zimene wachotsa, kupatula ngati mwiniyo wanena kuti sakuzifuna. Zimene dalaivala ankapempha zija unali ufulu wanga. Anandiuzanso za khoti la milandu ing'onoing'ono ya ndalama, limene linayamba kugwira ntchito ku Milimani mu 2021, lomwe limamva milandu yosapitirira mashiling'i 1 miliyoni ndipo limayenera kugamula pasanathe masiku 60. Tinalembera kampani ija kalata, n'kuphatikiza lisiti ndi zithunzi za pafoni zija.

Kalatayo itafika mawu anasintha. Sanavomere kulakwa, koma anati mwa ubale wabwino akonza ekiselo yakutsogolo ndi mabuleki ake popanda kulipira. Za mahabu akumbuyo anaumirira kuti anagwiridwa bwino. Ndalama za lole ya hayala, zokokera, tayala lopsa ndi masabata amene galimoto inakhala osagwira ntchito anakana. Ndinavomera chifukwa banki inali itayamba kuimba, ndipo mlandu ukanapitirira lole ikanangokhala. Mpaka lero sindikhulupirira kuti makaniko amene anachonga pepala lija anali munthu woipa mtima. Ndikuganiza kuti anapatsidwa malole ambiri kuposa maola ake, ndipo womuyang'anira anasaina ali pampando. Koma wolipira ndinali ine, ndipo amene akanafa anali anthu awiri amene sanasaine kalikonse.

M'masiku onse a makalatawa sindinapepese kwa dalaivala. Zithunzi zawo ndinazigwiritsa ntchito, koma manyazi anandimanga pakamwa. Tsiku limene lole inatuluka ndinapeza dalaivala atasiya makiyi a sipeya kwa mlonda. Mayi a kunyumba ndi amene anandiuza mosapita m'mbali: "Abambo, munawanyoza pagulu. Ndalama za pa M-Pesa zokha sizingafafanize zimenezo. Pitani mukaonane nawo."

Ndinawapeza ku Mlolongo, pamalo amene madalaivala amadyera, ali ndi anzawo. Ndinapepesa pomwepo anzawowo akumva, n'kuwapatsa malipiro awo onse. Analandira ndi manja awiri, nati nkhani yatha. Nditawapempha kuti abwerere anakana mwaulemu, poti anali atayamba kale ntchito pa kampani ina yopita ku Malaba, ndipo anati pa msinkhu wawo sangayendetsenso galimoto imene akaimva kudwala saloledwa kuiimitsa. Tikusiyana anandiuza kuti ndisapakire katundu mahabu akumbuyo asanatsegulidwe, chifukwa nawonso anali palisiti lomwe lija. Mawa lake tinawatsegula kwa makaniko wa jua kali uja, ine nditagwada pomwepo, ndipo maberingi ndi malayining'i a mbali zonse ziwiri ndinagula ndi ndalama zanga.