Mlandu wa Ife Alesi Uweruzidwenso

Chiyambire ku pulayimale, anthu a mtundu wanga takhala tikunenedwa kuti ndife alesi, ndipo sitinakanepo, poti kukana nakonso n'kotopetsa. Lero lokha ndadzuka ndi timphamvu, ndiye ndikuchita apilo. Dandaulo langa ndi limodzi: pa ntchito yokonza makompyuta ambirimbiri, mlesi amene amalemba script, fayilo ya masitepe oti kompyuta iziwatsatira yokha, n'kukhala pansi ndi wodalirika kuposa wakhama amene amagwira chilichonse ndi manja. Ndikudziwa kuti fisi sangakhale mboni pa mlandu wa mbuzi, n'chifukwa chake umboni ndabwereka kwa ena.

Tiyambe tagwirizana chimene tikukanganirana. Virtual machine, imene eni ntchito amangoti VM, ndi kompyuta yokhala m'mimba mwa kompyuta inzake. Zili ngati landilodi wa ku Ndirande amene watenga nyumba imodzi n'kuidula tizipinda, aliyense wa lendi n'kumayenda monyang'wa ngati nyumba yonse ndi yake, chonsecho denga ndi limodzi, mpopi umodzi, mita ya magetsi imodzi. Landilodi wa m'kompyuta amatchedwa hypervisor, ndipo ena odziwika ndi VirtualBox, VMware, ndi KVM amene analowa mu Linux mu 2007. Nzeruyi si ya dzulo, IBM inatulutsa VM/370 kale mu 1972. Chimene chinadzasintha zinthu n'chakuti kuyambira 2006, Amazon itatsegula EC2, munthu akhoza kuchita lendi tizipinda totere pa intaneti, khumi kapena mazana, asanamalize n'komwe kapu ya tiyi.

Tsono kachipinda kakangodulidwa kamakhala kopanda ndi mphasa yomwe. Uyenera kukagawira memory ndi disk, kuikamo Ubuntu kapena Windows, kusankha chilankhulo, kusankha dera la nthawi, kupeka dzina ndi pasiwedi, kutsegula makomo a netiweki, kudina Next, Next, Next mpaka chala kuchita dzanzi, kenako kuyang'anitsitsa kamzere kakukwawa pa sikirini ngati bilimankhwe wodwala. Kamodzi zimatheka, mwinanso kukoma. Koma zikakhala VM 30, munthu wakhama amavula jekete, n'kukwinya manja a malaya, n'kuyamba imodziimodzi. Pofika ya nambala 17 foni yalira, ndi nkhani ya chopereka cha maliro. Pobwerera wadumpha sitepe imodzi osadziwa, ndipo adzalumbira pali mayi ake kuti zonse anazikonza mofanana. Sakunama dala ayi. Mutu wa munthu umakumbukira zimene unkafuna kuchita, osati zimene manja anachita. Mlesi amadziwa kuti mutu wake ndi dengu lobowoka, choncho amalemba masitepe onse mu fayilo kamodzi kokha. Ndi Vagrant, imene Mitchell Hashimoto anatulutsa mu 2010, amalemba zofuna zake mu Vagrantfile, n'kutayipa mawu awiri okha, vagrant up, VM n'kudzuka yovala kale. Ikamutopetsa amati vagrant destroy, osakhetsa msozi. Ansible ya Michael DeHaan inabwera mu 2012 kudzaika mapulogalamu m'makina ambiri nthawi imodzi, Terraform inatsatira mu 2014 kudzaitanitsa makinawo kwa ochititsa lendi pa intaneti aja. Zonsezi ndi chikombole cha njerwa basi. Woumba njerwa ndi manja okha akhoza kutuluka thukuta lodzaza ndowa, koma khoma lake musaligonere pafupi.

Mboni yanga yaikulu ndi kampani ya ku America yogula ndi kugulitsa masheya, Knight Capital. Mu 2012 inkaika pulogalamu yatsopano pa maseva, makompyuta ake ogwirira ntchitoyo, asanu ndi atatu. Katswiri amene ankakopera pulogalamuyo anaiika pa asanu ndi awiri, imodzi n'kutsala, ndipo panalibe wina wobwera pambuyo kudzaona. M'mawa wa pa 1 Ogasiti msika utatsegulidwa, seva yoiwalika ija inadzutsa malangizo akale amene anali atagona zaka, n'kuyamba kugula ndi kugulitsa ngati yaledzera. M'mphindi pafupifupi 45 kampaniyo inataya ndalama zoposa madola 400 miliyoni, ndipo sinaimenso payokha. Onani bwino, a khoti: munthuyo sanali mlesi. Anagwira ntchito yolondola kasanu ndi kawiri. Ine ndikanatopa pa seva yachiwiri n'kuyamba kufunafuna njira yoti makina adzichitire okha, ndipo script yolembedwa bwino ikanawerenga mpaka eyiti, chifukwa script ilibe foni, ilibe apongozi, siimva njala.

Akhama ali ndi yankho, ndipo si lopepuka. Amati chikombole chikakhota, njerwa zonse zimakhota. Wolakwitsa ndi manja amaononga imodzi, wolakwitsa ndi script amaononga mudzi wonse nthawi imodzi. N'zoona, sindingazembe. Mu 2015 kunapezeka kuti script ina ya pulogalamu ya masewera ya Steam pa Linux inali ndi mzere wofufuta foda yake, koma dzina la fodayo likasowa, mzerewo unkayamba kufufuta mafayilo onse a mwini kompyuta amene ukanatha kuwafikira. Pa 28 Febuluwale 2017, wantchito wa Amazon analakwitsa potayipa lamulo lochotsa maseva ochepa a S3, nkhokwe yake yosungira mafayilo pa intaneti, chida chinamvera mokhulupirika n'kuchotsa ochuluka, ndipo masamba ambiri a pa intaneti anagona kwa maola angapo. Walira mvula walira matope. Koma taonani chimene chinachitika pambuyo pake. Mzere wolakwika wa Steam anthu anauloza ndi chala, poti unali wolembedwa, ndipo unakonzedwa kwa onse. Amazon sinalamule kuti kuyambira lero aliyense azichotsa maseva ndi manja. Inakonza chidacho kuti chizichotsa pang'onopang'ono ndi kukana ngati otsala achepa kwambiri. Chikombole chokhota umachinyamula, kuchiyang'ana padzuwa, kuchiwongola kamodzi. Dzanja lokhota ulikonza bwanji, mwini wake akukana kuti silinakhote? Komanso script imalola kuti mnzako aiwerenge isanagwire ntchito, Git imasunga mbiri ya amene anasintha mzere uti ndi liti, ndipo terraform plan imakuuziratu zimene ikufuna kumanga ndi kugumula usanavomere. Chala chodina mausi sichinayambe chauzapo munthu mapulani ake.

Chachiwiri amatiseka nacho, ndipo apa ndimangoweramitsa mutu. Amati mlesi amatha masiku atatu kulemba script yopulumutsa mphindi khumi. Ndithu, ndife otero. Mafayilo a Ansible amalembedwa mu YAML, kalembedwe kamene kamakwiya ndi kampata kamodzi kosayenera ndiponso kamadana ndi batani la Tab poyambira mzere ngati mphaka ndi madzi, moti munthu wamkulu, wa ana ake, akhoza kuchezera usiku kusaka malo opanda kanthu amene ali pamalo olakwika. Palibe wolimbikira ntchito kuposa mlesi amene akuthawa ntchito. Ngati VM ndi imodzi yokha ndipo simudzaifunanso, dinani Next wanuyo mumtendere, sindikutsatani. Koma ndi liti pamene chinthu cha mu ofesi chinafunikapo kamodzi kokha? Mawu akuti "n'zongoyesera" ndi amene amabala makina okhala zaka zisanu ndi ziwiri, amene aliyense amaopa kuwazimitsa. Ngakhale Larry Wall, amene anayambitsa chilankhulo cha Perl mu 1987, anaika ulesi pa makhalidwe atatu abwino a wolemba mapulogalamu. Mwa atatuwo ine ndinakhoza limodzi lomweli, koma ndinalikhoza bwino.

Pali chifukwa china chimene akhama satchula pagulu. Munthu amene makonzedwe onse a makina ali m'mutu mwake sachotsedwa ntchito. Amalowa mu ofesi ngati sing'anga, yekha ndiye amadziwa seva imene imafuna kuisisita isanayake. Azungu a ntchitoyi ali ndi fanizo lakuti maseva uziwasunga ngati ng'ombe za m'khola, osati ngati galu wapanyumba amene ali ndi dzina ndipo akadwala sugona. Fanizoli kwathu kuno limatsimphina pang'ono, poti ife ng'ombe timazitcha maina n'kumazidandaula. Tinene kuti nkhuku za chizungu, zimene palibe amazilira maliro. Koma ulemu wa sing'angayu uli ndi mtengo wake. Ndi iye amene amaimbiridwa foni ali pa chinkhoswe cha mlongo wake, ndi iye amene tchuthi chake chimathera pa depoti ya basi, ndipo tsiku limene adzapeze mwayi ku Joni, kampani idzatsala ndi makina amene palibe akudziwa kuti anabadwa bwanji. Mlesi anapereka ufiti wake wonse mu fayilo yoti aliyense awerenge. Akhoza kuchotsedwa mawa, inde, ndipo zimenezi zimandidetsa nkhawa pang'ono ndikakhala maso, koma foni yake siilira Loweruka.

Ndiye inu abwana amene mumalemba anthu a makompyuta, mawa m'mawa kafunseni wanuyo funso ili: seva iyi itapsa usiku uno, tingaimangenso bwanji? Akakuonetsani fayilo, musiyeni apitirize kuyasamula pampando wake. Akadziguguda pachifuwa n'kunena kuti "musadandaule bwana, ine ndilipo," m'patseni masiku atatu ndi khofi, akalimbane ndi YAML.