Pusi Uja Sanali mu Fomu 3

Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mwambi umenewu anandiponyera koyamba ndi agogo, tsiku lomwe ndinafuna kunyamula mango asanu ndi manja awiri, onse n'kugwera m'matope. Kuyambira pamenepo ndinkakhulupirira kuti pusi wotchulidwayo ndi mwana, wadyera, wamaso mwazumwazu. Maganizo amenewa ndawasintha mwezi wathawu, nditakhala pa mpando wa pulasitiki wothetheka mwendo umodzi, pakhonde la achemwali anga ku Chilomoni.

Anandiimbira Loweruka m'mamawa. "Achimwene, mubwere. Mwana wanuyu walowa fomu 3, kusukulu akuti asankhe masabujekiti. Inu ndinu amalume ake, komanso munaphunzira." M'banja mwathu mawu akuti "munaphunzira" amatanthauza kuti ndimagwira ntchito mu ofesi ina pa Victoria Avenue ndipo Lolemba ndimavala tayi. Ndinapukuta nsapato n'kukwera minibasi.

Ndinapeza bwalo lakhala kale. Alamu anali pa mpando wabwino wokhawo. Azakhali a mwanayo anali atachokera ku Bangwe, chikwama cha ndalama chili m'chiuno. Agogo anali pamphasa. Mng'ono wathu wa ku Joni anali mu foni yotsamiritsidwa pa chitini cha shuga, nkhope yake ikuuma n'kusungunuka malinga ndi netiweki. Mwini nkhaniyo, mtsikana wa zaka 15, anakhala pa sitepe akusenda mbatata, ndipo pepala la kusukulu linali patebulo, latsinjidwa ndi kapu kuti lisauluke.

Alamu ndiwo anayamba. Mwana akhale dokotala. Chifukwa chake n'chakuti chaka chatha anakhala pamzere ku Queens kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo anaona mtsikana wina wovala gauni yoyera akudutsa, makiyi a galimoto ali lendelende pachala, anthu onse akumupatukira. Choncho Bayoloje, Kemisitile, Fizikisi, ndipo poti anamva kuti kuli masamu ena oonjezera otchedwa Additional Mathematics, amenewonso alowe, pakuti chinthu choonjezera sichingakhale choipa. Azakhali, amene agulitsa kaunjika mu msika wa Limbe zaka zoposa msinkhu wa mwanayo, anangoseka. Anati madokotala amabwera pa benchi yawo kudzanenerera mtengo wa jekete ngati wina aliyense. Mwana atenge Business Studies adziwe kusunga mpamba. Agogo anafuna ziwiri basi, Baibulo ndi zaulimi, china cha mzimu china cha mimba. Wa ku Joni anakuwa kuti dziko lapita pa kompyuta, n'kuonjezera Chifalansa chifukwa anzake a ku Congo omwe amakhala nawo mu Hillbrow zikuwayendera. Ine ndinatsokomola mwaulemu n'kutchula Histole, osanena kuti ndi phunziro lokhalo lomwe ndinapezapo 2.

Titawerenga, pamodzi ndi Chingerezi, Chichewa, masamu wamba, Jogalafe ndi Home Economics imene achemwali analowetsa mwakachetechete ali kukhitchini, masabujekiti anakwana 15. Aliyense wa ife anali atathyola chipatso cha mtengo womwe iye mwini analephera kukwera ali wachinyamata, n'kumuunjikira mwana m'manja.

Apa mpamene tayi yanga inagwira ntchito. Ndinafotokoza kuti a MANEB ku Zomba akamawerenga mapointi a MSCE amatenga masabujekiti 6 okha omwe mwana wakhoza bwino, ndipo magiredi amayambira pa 1 kulekeza pa 9: 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 wangodutsa, 9 wagwa. Ndiye ndi mpikisano umene wopeza zochepa ndiye mfumu. Wa mapointi 6 amatuluka m'nyuzipepala. Agogo anagwedeza mutu monyansidwa. Anakumbuka kuti mdzukulu wawo wina atapeza 42 iwo anapha nkhuku, n'kupita kukapepesa kwa aneba omwe mwana wawo anangopeza mapointi 9 okha, kuwalimbitsa mtima kuti chaka chamawa adzachita bwino. Aneba aja mpaka lero amawapatsa moni wa patali.

Pali mlonda mmodzi amene palibe mwana angamuzembe, ndiye Chingerezi. Ukachilakwa, setifiketi palibe, ngakhale utapeza 1 mu Chichewa, chiyankhulo chomwe aphunzitsi a Chingereziwo amakalipiramo akapsa mtima. Ine lamulo limeneli limandiwawa, koma kuwawa kwanga sikunasinthepo kalikonse ku Zomba, ndipo mwana amene akuthera madzulo ake pa sabujekiti ya nambala 12 pofuna kusangalatsa azakhali akuba nthawi ya mlonda ameneyu.

Komatu nkhaniyi si yoseketsa yokhayokha. Kuti mwana alowe m'mayunivesite a boma kudzera ku NCHE amafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo kosi iliyonse ili ndi masabujekiti ake omwe imafuna. A ku KUHeS, yomwe inabadwa mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, sangakulandire pa udokotala ndi Histole yanga ija. A zauinjiniya ku MUBAS, pomwe okwera minibasi ya ku Limbe amakuwabe kuti "Pa Poly titsike!", amayang'ana masamu ndi Fizikisi. Mwana amene wadropa Fizikisi mu fomu 3 chifukwa aphunzitsi ake ndi aukali, kapena chifukwa mnzake wapamtima wadropa, watseka chitseko chomwe adzachifune zaka ziwiri zikubwerazo, ndipo pochitseka sichimveka n'komwe kulira. Amadzazindikira ali pa intaneti kafe, fomu ili pa kompyuta, mapointi ali abwino ndithu, koma kosi yomwe akuifuna ikumukana. Thandizo lenileni la wamkulu lili pamenepa: kutenga mndandanda wa zofunika pa kosi iliyonse n'kuwerenga limodzi ndi mwana, kuyambira kumapeto kubwerera m'mbuyo. Pa anthu asanu ndi mmodzi amene tinali kulamula pakhondepo, panalibe amene anauonapo mndandandawo. Ine ndinali nditangoumva kwa mnzanga wa ku ofesi.

Wa ku Joni, netiweki itamubweza, anati tisavutike, masiku ano mapepala a mayeso amayenda pa WhatsApp. Achemwali anamukumbutsa kuti mu Novembala 2020 mapepala atabedwa boma linathetsa mayeso onse a MSCE, ana n'kudzalembanso mu Januwale 2021, olakwa ndi osalakwa omwe. Nkhope ya mu foni ija inaumanso, ndipo ndikukayika ngati ulendo uno inali netiweki.

Kenako ndinachotsa kapu ija n'kuwerenga pepala, chinthu chomwe tikanayambira. Chifalansa panalibe. Kompyuta panalibe. Additional Mathematics ya alamu panalibe. Pusi wa m'mwambi anali ndi mwayi, mtengo wake unali ndi nthambi zenizeni. Ku sukulu zambiri za CDSS zomwe ana a m'makwalala mwathu amapitako, nthambi zina zimangojambulidwa pa bolodi. Kale tinkaphunzira Physical Science imodzi. Anaigawa pawiri kukhala Fizikisi ndi Kemisitile, zomwe n'zanzeru, koma pa sukulu ya mwana wathuyu mphunzitsi sanagawidwe, ndi yemweyo akusenza zonse ziwiri. Ndinamufunsa mtsikanayo ngati anagwirapo kabotolo kagalasi kaja ka mu labu. Anati anakaonapo kamodzi, aphunzitsi atakakweza m'mwamba kutsogolo kwa kalasi ngati chikho cha mgonero, n'kukabwezera m'katoni msanga kasanasweke.

Limeneli linali funso loyamba lomwe mwanayo anafunsidwa tsiku lonse, ndipo poti pakamwa panali patatseguka, ndinaonjezera lachiwiri: "Nanga iwe ukufuna chiyani?"

Pakhonde panangoti zii. Azakhali anandiyang'ana ngati ndafunsa nkhuku za ndiwo ya Khirisimasi.

"Zamagetsi, amalume," anatero osasiya kusenda. Masamu amamuyendera, Fizikisi amaikonda ngakhale ndi ya pa bolodi, Bayoloje amakhoza koma akaona magazi amachita chizungulire. Akapeza mapointi abwino adzayesa MUBAS. Akapanda kutero, pali Soche Technical College ku Limbe, kudzera ku TEVETA. Ndinayang'ana pawindo n'kuona kanyali ka sola komwe banja lonse limadalira magetsi akazima, kali ndi bandeji ya tepi yakuda. Tchaja chomwe chinkasunga moyo wa mng'ono wathu pa chitini cha shuga chinalinso ndi tepi yomweyo. Ndinafunsa amene anakonza. Achemwali analoza pa sitepe ndi mlomo.

Alamu anadzuka. Mwana wawo wamkazi azikwera mapolo ngati pusi? Achemwali anawafunsa mofatsa kuti mnyamata amene anabwera kudzakonza mawaya a m'nyumba mwezi watha anamulipira zingati pa ntchito ya ola limodzi. Alamu anakhala pansi. Agogo anafunsa ngati za magetsizo zimaletsa munthu kutenga Baibulo, ndipo atamva kuti siziletsa, anati iwo nkhani yatha. Azakhali anayamba kale kuwerengetsa phindu la shopu ya mababu ndi masoketi.

Ine ndinaona kuti nthawi yakwana yoti amalume aweruze mlandu. Ndinakonza kolala, ndinatenga cholembera, ndinati tiyeni tsopano tilembe pa fomuyi mwadongosolo.

"Iyo ndi fotokope, amalume," anatero mtsikanayo. "Yeniyeni ndinapereka Lachinayi. Tinakhala pansi ndi a fomu titcha, anandionetsa zomwe makosi amafuna. Amayi anasayina."

Achemwali anali atazimiririka kale kulowa kukhitchini, komwe kunkamveka kuphulika kwa mafuta ndi kaphokoso kena konga munthu amene akuseka atatseka pakamwa ndi chitenje. Ndinatsamira kumbuyo kuti ndiseke nawo mwaulemu, ngati munthu amene ankadziwa kale zonse. Mwendo wothetheka uja unati thyo, nsapato zopukuta zija zinaloza kumalata, ndipo wa ku Joni, amene netiweki yake inabwerera pa nthawi yomweyo, anafunsa kuti, "Achimwene apita kuti?"

Mwana uja anandidzutsa, anandisasa fumbi kumsana, n'kunena kuti mpandowo aumanga ndi waya madzulo. Alamu akuti wayayo ndigule ine.