Kakayikiridwe ka Anthu: Malangizo kwa a ku Area 43

Inu a ku Area 43 ndi Area 10, amene munazinga nyumba ndi mpanda wa njerwa n'kuikanso waya wamagetsi pamwamba, musagone tulo. Kaonereni The Thing, filimu ya John Carpenter ya 1982. Anthu aja anali ku Antarctica, kosafika ngakhale wakabaza, koma chilombo chinawalowerabe, ndipo chinabwera ngati galu. Ndiye yambani ndi galu wanu uja, wodya nyama pomwe mlonda akudyera bonya. Muzimuyang'anitsitsa.

Chilombocho chikameza munthu chimasanduka iye yemweyo, nkhope ndi mawu omwe. Choncho mayi a kunyumba akakulonjerani mwansangala kuposa masiku onse, musafulumire kuyankha. MacReady, mkulu wandevu wa m'filimumo, anathira magazi a aliyense m'timbale n'kumawagunditsa waya wotentha, mpaka a chilombo anadumpha okha. Inu waya muli naye kale pampanda. Ingodikirani magetsi ayake, kaya ndi liti.

Shuga akachepa m'kabati, musavutike n'kufunsa ana anu. Kayikirani wantchito, makamaka amene wayamba kutchula za malipiro. Apa pokha filimu ya Alien ya 1979 musaionere, ingakusokonezeni mutu. M'chombo cha Nostromo, odandaula za ndalama anali Parker ndi Brett, amakaniko othimbirira ndi girizi, ndipo analibe mlandu. Wogulitsa anzake anali Ash, wofatsa, wolankhula mwaulemu, wotumidwa ndi kampani, amene anatsegulira chilombo chitseko mnzawo Ripley atakaniza. Atamuthyola khosi munatuluka zoyera ngati mkaka, kusonyeza kuti sanali munthu n'komwe. Wotere mumadya naye nkhomaliro ku City Centre, atamanga tayi, n'kumamutchula kuti bwana.

Ku Old Town kokha musapiteko, kungakuwonongereni mantha anu onse. Kudepoti kondakitala amakupanikizani anayi pampando wa atatu, mwana wa munthu wosamudziwa n'kukukhazikani pamiyendo, ndalama yanu n'kudutsa m'manja asanu, chenji n'kubwerera yokwanira. Chilombo cha Carpenter chikanakwera minibasi imeneyo chikanameza onse asanafike pa mlatho wa Lilongwe, koma anthu ake amangocheza za mtengo wa chimanga.

Inuyo kwezani mpanda ndi mizere ina itatu ya njerwa. Makiyi a geti, monga mwa masiku onse, musiyire mlonda yemwe simunamulipire miyezi iwiri uja.