Malaya a Kalaliki Wopuma

Pa matenda onse amene amagwira amuna a m'tauni akapuma pa ntchito, palibe oopsa kuposa aja oyesa kuti ntchito ya mnzako njopepuka chifukwa mwini wake amaigwira ali khale. Matendawa ndiwo adagwira mkulu wina wa ku Ndirande, kalaliki wakale, amene atamva mtengo umene telala wa pakhonde la sitolo ku Limbe adatchula, adapinda nsalu yake mwaulemu, nanena kuti ngati Adamu ndi Hava adasoka masamba a mkuyu osapita kusukulu, iye amene adalemba makalata a boma mpaka imvi sakadalephera kupalasa makina a Singer amene mayi a kunyumba adalandira pa ukwati.

Safunsa adadya phula. Nsalu ya thonje iyenera kuchapidwa isanadulidwe, pakuti ikalawa madzi koyamba imafupika. Ndipo wodula ayenera kusiya kampata m'mphepete kolowa msoko. Koma mkuluyo, pokhala munthu wosalumpha mzere m'kaundula, adadula ndendende pa choko, kotero kuti malayawo adamkumbatira ndi chikondi chosalola kupuma. Kolala idatuluka mbali ina itaimirira, mbali ina itagona. Mabatani nawo adawasokera kumanzere, kumene amakhala pa mabulauzi a amayi, pamene a amuna malo awo ndi kumanja.

Tsiku la Mulungu adavala, napita kutchalitchi, ndipo kumeneko ulemu wathu wa m'tauni udagwira ntchito yake yonse. "Koma lero mwatchena, bambo! Kodi n'za ku Joni zimenezi?" adatero akulu a mpingo, maso ali kumwamba. Amayi a Mvano, amene msoko wokhota amauonera patali, adagwidwa ndi chifuwa onse nthawi imodzi, nabisa nkhope m'mipango. Chilungamo chidatuluka m'kamwa mwa kamdzukulu kokha, kamene kadafunsa mokweza kuti, "Agogo, bwanji mwavala bulauzi ya agogo aakazi?" ndipo kadalandira mphotho ya aneneri onse, ndiyo kutsinidwa khutu.

M'mawa mwake mkuluyo adabwerera ku Limbe ndi kamtolo m'khwapa, nadandaula kuti mphwake wina wopulukira adamuonongera nsalu. Telalayo, amene adaizindikira nsaluyo isanamasulidwe n'komwe, adapukusa mutu mwachisoni, nati, "Ana a masiku ano, bwana! Mukamuuze mphwanuyo kuti azichapa ndi kusita asanadule, aziyamba walumikiza ndi singano ya pamanja asanapalase makina, ndipo dzanja la malaya la kumanzere lisamapite kumanja." Maphunziro a mphwake wosaonekayo adatenga masabata angapo, ndipo malipiro ake adaposa mtengo uja adauthawa poyamba.

Kuona maso a nkhono n'kudekha: lero mkuluyo amasoka malaya osachititsa manyazi, kolala itagona mbali zonse ziwiri. Koma aja adatama bulauzi tsopano ali duu, ndipo ena amanong'onezana kuti ameneyu amagula pa kaunjika n'kumanamizira makina. Onong'onawo ndi omwewo amene m'bandakucha amaodira pakhomo pake ndi mathalauza ong'ambika ndi mazipi akufa, n'kulipira ndi mawu akuti, "Ambuye akudalitseni, bambo, tidzaonana pakutha pa mwezi."