Ulemu kwa Mfumu Thumba ya Pakhoma

Alendo akafika ku Lundazi amathamangira ku Castle Hotel kukajambula chinyumba chija chimene Bwana DC Errol Button anamangitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Ajambule ndithu, palibe wowaletsa. Koma chodabwitsa chenicheni cha boma lino amachidutsa osachiona, pakuti chili lende pamsomali, pakhonde la sitolo, kumbuyo kwa atelala: thumba la fetereza lotha ntchito, losokereredwa timatumba ta jinzi ya salaula.

Mfumu sailonga osatchula kumene inachokera. Thumbali linalowa m'mudzi litasenza makilogalamu 50 a D Compound kapena Urea, mwina kudzera m'ndondomeko ya boma yothandiza alimi imene inayamba mu 2002, ija timaitcha FISP. Fetereza amatha m'mawa umodzi, wina n'kukokoloka ndi mvula. Thumba limatsala. Limapita kuchigayo, limayanika mtedza, limatchinga bafa, ndipo likakalamba, anzake akamaponyedwa kudzala, ilo limakwezedwa pampando.

Mwambo wake suchitika mwachisawawa. Liyambe lachapidwa bwinobwino, chifukwa fumbi la fetereza likatsalira, singano zonse zimadzuka zili psuu ndi dzimbiri, sizasi n'kuyamba kutafuna nsalu m'malo modula. Akalidula amaliwaula m'mphepete ndi kandulo kuti lisamasuke. Pamwamba amapinda mpendero, kulowetsamo kansungwi, kumangirira chingwe chopota ndi zigamba za chitenje. Apo nduna zimayamba kufika: matumba akumbuyo a jinzi imene mwini wake anaitaya ku Ulaya osadziwa kuti idzafera pantchito yaulemu chonchi. Lina la mabatani, lina la mazipi, lina la choko ndi tepi. Botolo lapulasitiki lodulidwa khosi lalandira mabobini. Sokosi yamasiye, imene inzake inapita ndi galu, yadzazidwa thonje lotsala pokolola, ndipo mapini apeza pogona. Zonsezi popanda ngwee. Mabokosi onyezimira a m'masitolo a ku Chipata amafuna ndalama, amafunanso malo pathebulo, pomwe thebulolo ladzaza kale ndi makina a Singer ndi wailesi.

Pali ena amati thumbali limameza zinthu. Miseche! Limasunga. Batani limene mukulifuna lero mudzalipeza mu Januwale, sukulu zitatsegulira, yunifolomu itapita kale ndi batani la mtundu wina pakhosi. Ndi msungichuma uti wokhulupirika mpaka kukaniza ndi mwini wake yemwe? Lili ndi asilikali akenso. Mwana akapisa dzanja kufuna lumo, singano yobisala pakona imamulangiza mosataya mawu, ndipo ilibe tsankho: atelala omwe amabayidwa chimodzimodzi, n'kuyamwa chala uku akupalasa makina. Za mphemvu zimene zimagona m'thumba la mazipi osalipira lendi, tingoti mfumu yabwino sithamangitsa alendo.

Koma ukulu wake umaoneka Lachisanu madzulo. Amayi afika kuchokera kufupi ndi Lusuntha, fumbi mpaka m'mawondo, kudzatenga diresi la ukwati wa mawa. Atelala sanjenjemera. Amatembenukira kukhoma mwaulemu, kupisa thumba loyamba, lachiwiri, kugwedeza lachitatu, kenako kupukusa mutu. “Pepani amayi, zonse zatha, zipi yake yokha ndiyo yandisowa. Mubwere mmamawa.” Thumba lili chete. Likudziwa kuti zipiyo ili mkati, likudziwanso kuti nsaluyo sinadulidwe n'komwe, ili pansi pa mulu wa matharauza ofunika zigamba. Silinaululepo. Ankhoswe ambiri sangasunge chinsinsi mpaka pamenepo.

Imfa yakenso ndi yachifumu, siibwera ndi kubuula. Pulasitiki wa masaka sagwirizana ndi dzuwa, ndipo la mu Okutobala likamawomba pakhonde, thumba limayamba kuyoyoka pang'onopang'ono, kaufa koyera kakugwera pa nsalu za eni. Tsiku lina atelala akungokoka tepi, pansi pake phwaa! Mabatani a zaka zambiri akugubuduzika mpaka mumsewu, nkhuku zili pambuyo, ndipo zonse zimene zinasowa zaonekera pagulu, kuphatikizapo zipi ya amayi aja. Atelala amatola zimene nkhuku zasiya, kusomphola matumba a jinzi poti iwo akadali olimba, n'kutumiza uthenga kwa alamu awo kwa Mwase kuti mvula ikagwa, akathira wobereketsa, thumba limodzi asaliike chimanga.